Kuseri kwa Chikwangwani cha Dazi

9 Febuluwale

Mzime wa amayi,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira wadzuka bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mawondo a amayi ayambanso, moti akumayenda chogwira khoma.

Dzulo munthu wina wa njinga yamoto anaima pakhomo pa shedi, n'kundipatsa envulopu yoyera atandisayinitsa. Ndinaganiza kuti mwina mlongo wanga wakumbuka kuti ali ndi abale. Nditatsegula ndinapeza kalata ya loya. Akuti dzina loti Dazi ndi lako, unakalilembetsa ku ofesi ya mayina a malonda, ndipo ine wandipatsa masiku makumi atatu kuti nditsitse chikwangwani ndi kusiya kulemba dzinalo pa zitini zanga za polishi.

Mwina tawuni yakuiwalitsa, ndiye ndikukumbutse. Dazi ndi bambo ako, amenenso ali bambo anga. Anthu anawapatsa dzinali chifukwa cha mutu wawo uja, ndipo iwo m'malo mokwiya ankauza makasitomala kuti, "Nsapato yanu ikapanda kuwala kuposa dazi langali, musalipire." Atasiya kugula polishi wa m'sitolo n'kuyamba kuphika wawo, dzinalo linakwera pa chitini. Poto ameneyu ndinamutakasa ine zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iwe uli pa desiki kusukulu utavala nsapato zowala.

Titangoika maliro awo unandipempha kope lija ankalembamo kasakanizidwe ka phula, mwaye ndi palafini. Unati ukufuna chowakumbukira. Ndinakupatsa ndi manja awiri.

Chonde ndiyankhe msanga, undiuze kuti loyayu wasokoneza adiresi. Amayi sindinawauze kanthu.

Ndine mlongo wako,
Wotakasa poto

25 Malichi

Iwe Mzime,

Moni, ngati moni wathu umaulandirabe. Ndadikira yankho masabata asanu ndi limodzi. Kalaliki wa kupositi wafika pondipukusira mutu ndisanatsegule pakamwa. Foni yako amayankha ndi mtsikana wa mawu osalala, tsiku lililonse akuti bwana ali pamsonkhano. Msonkhano wake ndi wotani wosapita n'kuchimbudzi komwe?

Loya wako yekha ndi amene alibe ulesi. Walembanso, ulendo uno watchula khoti. Choncho Loweruka ndinakwera pa mpando n'kutsitsa chikwangwani cha bambo. Sichinavute, paja anangochipachika ndi waya pa misomali iwiri yopinda. Amayi anali pakhonde akuonerera. Anandifunsa kuti, "Kodi chikupita kukapakidwa penti?" Ndinawauza zoona. Atamva anati, "Mwana ujatu ndinkamubisira chakudya ine, enanu mukugona ndi njala." Analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Chikwangwanicho ndachiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga. Pakhoma patsala malo oyera a ngodya zinayi, anthu akumafunsa ngati tasamuka. Zitini ndikugulitsa zamaliseche, zopanda dzina.

Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Lero ndamvetsa chifukwa chake kope lija unalithamangira nalo kutali. Ndakwiya, sindikubisira ayi, ndipo chimene wandichitachi ndachisunga pamalo pouma.

Mlongo wako

30 Epulo

Achemwali anga okondedwa,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa amayi. Ife tili bwino, ana akukula. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito yandipanikiza, tangoika kumene makina atsopano odzazira zitini.

Makalata anu andimvetsa chisoni, chifukwa nkhaniyi mwaitengera pamtima. Loya analembera anthu khumi ndi asanu ndi awiri amene amagwiritsa ntchito dzinali, osati inu nokha. Akuti lamulo silidziwa mlongo, ndikalekerera mmodzi ena onsewo adzaloza inuyo. Ndikanapanda kulilembetsa ine, akanalilembetsa mlendo. Ndiponso Achemwali, tiyeni tinene zoona. Inu mumaphika zitini makumi anayi pa sabata. Ine ndimatulutsa zikwi zisanu, mutu wa bambo utajambulidwa bwinobwino pa chivindikiro. Akulemekeza bambo pamenepa ndani? Kuno ngakhale a m'maofesi akamalankhula Chingerezi chawo amaponyamo dzina lathu, amalipinda ngati ndi mawu a Chingerezi omwe, potuma wantchito kuti akadaze nsapato kapena akadaze pansi.

Komatu vuto lagona pomwepo, ndipo ndikupempha mundithandize. Loya akuti dzina la malonda limafa likatchuka mopyola muyeso. Anthu akazolowera kunena kuti "ndikudaza" pamene akupaka polishi wa kampani ina iliyonse, khoti limatha kugamula kuti amenewa ndi mawu wamba, ndipo dzinalo silikhalanso la munthu mmodzi. Akuti kunja kuli makampani akuluakulu amene anataya mayina awo motero. Ndiye opukuta nsapato a kwanuko, poti amakumverani, muwauze azinena kuti "kupukuta ndi polishi wa Dazi". Zoti kudaza asiye.

Chachiwiri ndi ichi. Polishi wathu akumang'ambika m'chitini kukazizira, ndipo mwezi watha poto wamkulu anatsala pang'ono kuyaka. Kope tikulitsata ndendende. Kodi pali chimene bambo sanalembe?

Amayi muwauze ndibwera ntchito ikaphweka.

Mlongo wanu,
Mkulu wa Kampani ya Dazi

11 Meyi

Bwana Mkulu wa Kampani,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Miyezi iwiri ndi theka uli zii, polishi atangong'ambika adiresi waikumbuka. Ndaonanso kuti kuno kumene unabadwira tsopano ukukutchula kuti "kwanuko". Zikomo, tamva.

Inde, chilipo chimene bambo sanalembe m'kope. Sanachilembe chifukwa chinalembedwa kale pa mkono wanga wamanja, kuyambira pachigongono mpaka pachikhatho, tsiku lija ndinalakwitsa ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Iwe unkandiseka kuti mkono wanga ukuoneka ngati nkhuku yososola. Koma poti antchito akowo ali ndi ana, ndikuuza chimodzi chokha: palafini sathira poto ali pamoto. Tsitsani kaye, muzimitse moto, mutsegule mawindo. Za kung'ambikazo ukafunse loya wako, poti iye ndiye mlongo wako tsopano.

Pa nkhani ya kudaza, ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha phunziro. Ine sukulu ndinalekezera panjira, sindinkadziwa kuti dzina limafa choncho. Ndime imeneyo ndaiwerenga kanayi mpaka ndailoweza. Usadandaule, opukuta nsapato onse ndiwayendera mmodzimmodzi.

Amayi akuti ndikupatse moni. Ndinawalonjeza kuti ndilemba, ndiye moniwo ndi umenewo.

Wa mkono wopsa

3 Novembala

Achemwali,

Moni. Ndikufuna mundiuze ngati zimene ndikumvazi zili zoona, ngakhale mumtima ndikudziwa kale.

Dalaivala wanga wabwerako kumeneko kokasiya katundu. Akuti pa siteshoni ya basi wopukuta nsapato aliyense ali ndi kabolodi katsopano, penti yake yobiriwira yofanana, kalembedwe kake kamodzi: TIMADAZA NSAPATO, POLISHI ALIYENSE. Kalembedweko ndikukadziwa, ndi kamene kanandiphunzitsa kulemba dzina langa. Akuti otsuka magalimoto nawonso alemba kuti amadaza galimoto, kalipentala akudaza matebulo, mpaka wometa tsitsi uja walemba pagalasi kuti amadaza mitu! Akutinso Loweruka lililonse shedi ya bambo imadzaza ndi amayi amene mukuwaphunzitsa kuphika polishi kwaulere, malipiro ake n'ngakuti akamagulitsa azikuwa kuti, "Wodazira uyu! Wodazira!" Mabolodi ena afika kuno ndi madalaivala a basi. Dzulo ndaona imodzi pafupi ndi geti la fakitale yanga.

Ndinathamangira kwa loya. Anandiseka. Akuti palibe chokusumirani, chifukwa pa zitini zanu palibe dzina, mwamvera kalata yake yonse.

Tsono imvani chimene mwachita. Kampani ina yaikulu ya sopo, imene yakhala ikulisirira dzinali, yakasuma kuti lifafanizidwe m'kaundula poti ndi mawu wamba. Yajambula zithunzi za mabolodi anu okwana zana. Mlandu ulowa mu Febuluwale. Loya wanga akuti tikhoza kupambana tikaonetsa kuti zonsezi n'zachaka chino chokha, zochita kukonza munthu wanjiru, ndipo kuti mwini dzina sankalankhula choncho. Koma ndamva kuti loya wa kampaniyo anafika kwanu, munamupatsa mpando ndi tiyi.

Achemwali, ndili ndi antchito makumi awiri ndi atatu. Mukufuna kugwetsa nyumba kuti muphe khoswe mmodzi? Ngati mumawakondadi bambo, musapite kukhotiko.

Mlongo wanu

10 Januwale

Alamu anga,

Ndine mkazi wa mlongo wanu. Ndikulemba iye asakudziwa, ndiye chonde yankho mulitumize kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Muli bwanji, nanga apongozi anga ali bwanji? Ana amawafunsa kawirikawiri.

Ine sindikuikira kumbuyo mwamuna wanga. Tsiku limene anasayinira mndandanda wa anthu oti alemberedwe makalata ndinalipo. Dzina lanu analiona, cholembera chinaima pang'ono, kenaka anasayina. Ndinamufunsa kuti, "Ngakhale achemwali ako omwe?" Anandiyankha kuti za bizinesi ndizisiye.

Koma pali china chimene simukuchidziwa. M'mwezi wa Meyi anapangitsa pepala lokupatsani gawo limodzi mwa magawo anayi a kampani. Linali m'envulopu kale, sitampa atamata. Tsiku lomwelo inafika kalata yanu ija yomutchula kuti Bwana Mkulu wa Kampani. Anaiwerenga ataimirira, n'kuponya envulopuyo m'dilowa. Mpaka lero ili momwemo, pansi pa masokosi. Akuti aitumiza inu mukayamba kupepesa. Mumamudziwa nokha mmene alili, angalolere kuyenda ndi mwala m'nsapato tsiku lonse kusiyana n'kuwerama pagulu.

Waonda, alamu. Chakudya akungochitosatosa. Chibale ndi fupa, sichiola. Mulembereni mzere umodzi wokha, ngakhale wabodza, pepalalo ndilitumiza ndekha.

Mlamu wanu,
Mayi wa ana a mlongo wanu

22 Januwale

Mlamu wanga,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndinu nokha kumeneko amene mumafunsa za amayi musanafunse zanu. Ali bwino, mawondo okhawo. Ana muwapsompsone m'malo mwanga.

Nkhani ya envulopu ndaimva. Kalata yochotsa chikwangwani inapeza njinga yamoto, inandipeza tsiku limodzi. Kalata yondipatsa gawo yatha miyezi isanu ndi itatu ikununkhiza masokosi. Ndiye akuti ndipepese, kuti andipatse gawo limodzi mwa anayi la chinthu chimene anachitenga m'manja mwangamu? Munthu akubere mbuzi, akubwezere mwendo, iwe ugwade?

Akanabwera yekha, n'kuima pakhomo pa shedi, n'kunena kuti "Achemwali ndinalakwa", ndikanatsuka bulashi ya penti tsiku lomwelo. Chaka chikukwana, ntchito sinaphweke.

Inu musaope, inu ndi ana simudzagona panja ine ndili moyo. Koma kukhoti ndikupita, tikiti ya basi ndagula kale.

Mlamu wanu

6 Malichi

Achemwali,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Moni.

Mwapambana. Chigamulo chatuluka Lachiwiri, dzina lafafanizidwa m'kaundula. Aliyense akhoza kulemba Dazi pa chitini chake.

Nditakuonani mukulowa m'khoti muja mutanyamula chinthu chokulunga m'nsalu ya pabedi, ndinadziwa kuti ndi chikwangwani cha bambo, ndipo ndinasangalala. Ndinanong'oneza loya wanga kuti chimenecho chitithandiza ife, chifukwa palembedwa kuti POLISHI WA DAZI, dzina la katundu, osati zodazadaza. Loya wanga anaimirira monyada n'kukufunsani kuti, "Mayi, kodi malemu bambo anu anagwiritsapo mawu oti kudaza ponena polishi wa anthu ena?" Inu simunamuyang'ane iye. Munayang'ana ine, n'kutembenuza chikwangwanicho.

DAZI WATHA LERO. BWERANI NDI POLISHI WANU, TIDAZA.

Dzanja la bambo, penti yakale yosuluka, chilembo chija ankachilemba chopendekera. Woweruza anavula magalasi n'kufunsa tanthauzo lake. Mawu anu ndikuwamvabe: "Bwana, phula la njuchi limasowa miyezi ina. Likasowa bambo ankatembenuza bolodi, anthu n'kumabwera ndi polishi wa m'sitolo, ife n'kumadaza. Mlongo wangayu sangadziwe, miyezi imeneyo amakhala ali kusukulu yogonera konko. Akamabwera ku holide bambo ankabwezeretsa mbali yabwino, kuti mwana asadziwe kuti kunyumba zinthu zavuta."

Sindinkadziwadi. Zaka zonsezi ndadutsa pansi pa chikwangwani chimenecho, sindinaonepo kuseri kwake. Ndipo amene anakuuzani kuti muchitsitse ndine.

Kampani ya sopo inali itasindikiza kale zitini zake, inkangodikira woweruza. Zadzaza m'masitolo, mtengo wake ndi theka la wanga, ndipo polishi wawo sang'ambika. Masitolo atatu andibwezera katundu sabata ino. Fakitale nditseka kumapeto kwa mwezi, ndipo nyumba tikukhalayi tituluka, poti ndinaipereka ngati chikole pa ngongole ya makina aja.

Ndalemba ndi kung'amba kalatayi katatu. Mkazi wanga akhala kwa mng'ono wake ndi ana mpaka teremu ithe. Ine ndilibe kolowera. Kodi chipinda changa chakale chilipo?

Mzime

19 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako yafika, ndipo taona, ine ndikuyankha sabata yomweyo.

Ukufuna kudziwa ngati ndasangalala? Ndasangalala. Pobwerera m'basi ndinagula botolo la chakumwa chozizira n'kumwa ndekha, chikwangwani chili pamiyendo. Choipa chitsata mwini. Unandivula dzina la bambo pamaso pa amayi, ine ndakuvula pamaso pa woweruza, ndipo nditati ndibwerere m'mbuyo ndikhoza kugulanso penti yobiriwira yomweyo.

Koma poti kunama sindinazolowere, ndikuuzanso china. Lachisanu ndinali pa siteshoni kukasiya zitini. Bambo wina wa tayi anaika phazi pa bokosi la wopukuta nsapato wina n'kunena kuti, "Tandidazireni msanga, basi ikundisiya." Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene mawuwo anachokera. Anandiyang'ana ngati ndine wosapita kusukulu, n'kunena kuti, "Amayi, chimenecho ndi Chingerezi, chinabwera ndi polishi wochokera kunja." Ndinamuuza kuti Dazi anali munthu, anali bambo anga, ankakhala pakona apo. Anaseka, anzake anasekanso. Kenaka ndinakaona chitini cha kampani ija m'sitolo. Palembedwa Dazi, koma mutu wa bambo palibe, ajambulapo nsapato yomwetulira. Ndinalira panjira yonse mpaka kunyumba, anthu akundiyang'ana. Madzi akatayika sawoleka. Wayamba kuwataya ndiwe, wamaliza ndine, ndipo amayi atiuza tonse awiri kuti ndife zitsiru.

Antchito ako makumi awiri ndi atatu aja uwauze kuti amene akufuna abwere Loweruka. Ndiwaphunzitsa zonse, ndi za kung'ambika zomwe. N'zosavuta: umadontheza kadontho pa chikhadabo, kakapanda kuuma usanawerenge mpaka khumi, phula lachepa. Ukanabwera kudzafunsa ndi pakamwa pako ndikanakuonetsa chaka chatha.

Chipinda chako chilipo. Ndatulutsamo matumba a mwaye, amayi akolopa okha ndi mawondo awo omwewo, ndawaletsa osamva. Ubwere ndi kope la bambo, ukaliiwala ubwerere pageti. Envulopu ya m'masokosi ija usavutike nayo, gawo limodzi mwa anayi la chinthu chakufa ndilibe nalo ntchito.

Koma pano palibe amene amadya atapinda manja. Ine ndimaphika, kupukuta ndinasiya chifukwa cha msana. Bokosi la bambo lilipo, mabulashi awo atatu alipo, kampando kawo ndakakhomera mwendo watsopano. Uzikhala pakhomo pa shedi kuyambira m'mawa, uzikuwa kuti "Tidaze! Tidaze!" mokweza mmene ungathere. Palibe loya amene adzakulembere kalata, ndinakukonzera kale zimenezo. Ndipo aliyense woika phazi pa bokosilo uzimuuza kuti Dazi anali ndani. Ndiwe wodziwa Chingerezi, mwina iwe akukhulupirira.

Chikwangwani ndachipachikanso pa misomali yake iwiri, pamwamba penipeni pa kampando kako. Ulendo uno sindibwezeretsa mbali yabwino chifukwa choti mwana akubwera ku holide. Ukatsika basi udzawerenge wekha mbali imene yayang'ana kumsewu.

Ndine mlongo wako,
Mwana wa Dazi